Mawaya Pamutu pa Kezia

Andreya Mbewe anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuseri kwa Malomo, m'boma la Ntchisi, ndipo aliyense ankamudziwa kuti ndi munthu wofatsa. Chaka chimene boma latsopano linalengeza kuti sukulu ndi yaulere, ana anasefukira ngati inswa zotuluka pachulu, moti iye ankaphunzitsa Sitandade 3 pansi pa mkuyu, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Koma ngakhale anawo asokose chotani, palibe amene anamumvapo akukalipa. Chimene anthu sankachidziwa, ndipo naye mwini sankachidziwa, n'chakuti mumtima mwake munagona nsanje imene inali isanapeze poyambira.

Mkazi wake anali Kezia Nankhoma, mayi wa Chigwirizano amene ankatsogolera nyimbo m'tchalitchi. Mawu ake ankamveka mpaka kuchitsime. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Abigail, ndipo wachiwiri anabadwa mvula itangoyamba kumene koma sanakhalitse. Maliro anatha, anthu anabalalika, moyo unapitirira, koma Kezia sanabwerere. Ankakhala pamphasa atayang'ana khoma, osalira, osayankhula, osasamba. Chimanga chinamera udzu kumunda, khasu lili gone pakhonde. Ukamupatsa chakudya ankachiyang'ana ngati sakudziwa ntchito yake. Akulu a mpingo anabwera kudzapemphera, amayi anzake anabwera kudzamuimbira nyimbo zimene iye mwini anawaphunzitsa, koma zonsezo zinali ngati kuthira madzi pamwala. Mkulu wake wa Kezia, a Faines, anamutenga Abigail kukakhala naye kumudzi.

Anali a Faines omwewo amene anabwera ndi nkhani ya dokotala.

"Alamu, kuchipatala cha mishoni kumapiri a Dowa kwafika dokotala wa matenda a maganizo," anatero akuvula patapata pakhomo. "Anali kunja zaka zonsezi, wabwera ndi matipate omwewa. Akuti ali ndi makina oona za m'mutu. Tiyeni tikamuyese mng'ono wangayu asanatithere m'manja."

Ananyamuka Lachiwiri, Kezia atakhala pakaliyala ya njinga mpaka pa Malomo, kenaka matola, kenaka wapansi kukwera chitunda cha miyala. Kuchipatalako anawalozera kachipinda kakumapeto, komwe kunja kwake kunkalira jenereta. Mkatimo munali bambo wamtali, wamagalasi, wovala malaya oyera opinda manja. Anadzuka kuti awalonjere, koma atangoona nkhope ya wodwalayo anaima chilili.

"Kezia?" anatero. "Kezia, ndiwe?"

Andreya anamva ngati wina wamuwaza madzi ozizira pamsana. Iye mwini, mwamuna wake, ankamuitana kuti Nankhoma kapena amayi a Abigail. Dzina lakuti Kezia analisiya tsiku la ukwati, ndipo mawu akuti iwe sanawalankhulepo kwa iye pamaso pa anthu. Koma chimene chinamupweteka kwambiri chinali chakuti Kezia, amene kwa miyezi sanatukule maso kuyang'ana munthu, anatukula mutu.

"Elia," anatero ndi mawu osasa.

Dokotalayo anazindikira kulakwa kwake, ndipo anatembenukira kwa Andreya n'kumugwira chanza ndi manja awiri. "Pepani bambo. Ndine Elia Chimphepo. Ine ndi mayiwa tinaphunzira limodzi ku sekondale, tinkaimba kwaya imodzi. Ndinangodzidzimuka."

"Palibe kanthu," anayankha Andreya. Koma kanthu kanalipo.

Dokotala anafunsa mafunso ambiri, ena kwa Andreya, ena kwa a Faines. Kenaka anapempha kuti Kezia avule duku. Nesi anamumasula tsitsi, ndipo dokotala mwini anayamba kupatula tsitsilo ndi zala, kupaka timafuta toyera pakhungu la mutu, n'kumamatapo timawaya mmodzimmodzi mpaka mutu wonse unaoneka ngati chisa cha mbalame. Andreya anayang'anitsitsa zala zija zikuyenda m'tsitsi la mkazi wake, kuseri kwa makutu, pamwamba pa khosi.

"Musaope, makinawa salowetsa magetsi m'mutu," anafotokoza dokotala. "Ubongo wa munthu uli ndi timagetsi take ting'onoting'ono. Makinawa amangomvetsera n'kulemba. Mayi, tsinzinani. Tsopano penyani. Tsinzinaninso."

Kezia ankachita zonse zimene wauzidwa. Timisomali ta makinawo tinkanjenjemera papepala lalitali, n'kumajambula mizere yokwera ndi kutsika ngati mapiri a Ntchisi ukamawaonera patali. Dokotala anaweramira pepalalo nthawi yaitali, akulitsata ndi chala. Andreya nayenso anasuzumira, koma sanaonepo chilichonse chomveka. Iye amene ankaphunzitsa ana kuwerenga anali mbuli pamaso pa mizere yochokera m'mutu mwa mkazi wake, pamene mlendoyu ankaiwerenga ngati nyuzipepala.

Atatha, dokotala anawakhazika pansi.

"Mayiwa akudwala matenda ovutika maganizo," anatero. "Koma matendawa ali pawiri. Ena akamira chonchi, tikawapatsa mankhwala amayandama pang'onopang'ono n'kufika pamene anali kale, basi. Ena saima pamenepo. Amapitirira, n'kukwera kumwamba kwenikweni. Tulo timatha, mawu amachuluka, munthu amasangalala mopitirira muyeso, amadziona ngati palibe chimene chingamukanike. Kumeneko ife timati meniya, ndipo n'koopsa kuposa mmene kumaonekera. Vuto n'lakuti akakhala pansi onse amafanana. Ndiye ine ndikufufuza ngati mizere iyi ingatichenjezeretu kuti ndani angakwere."

"Nanga ya mayiwa ikuti chiyani?" anafunsa a Faines.

"Ikufanana ndi ya anthu ena amene ndinawaona akukwera. Sindikunena motsimikiza. Uyu ndi kafukufuku, ndipo makinawa anandinamizapo kale. Koma ndi bwino kusamala. Ndiwapatsa mankhwala a mitundu iwiri. Achikasuwa ndi owadzutsa, oyerawa ndi owagwira kuti asapitirire. Achikasu okha asamwe. Oyerawa amafuna kuti tiziyeza magazi kawirikawiri, ndiye muzibwera nawo pafupipafupi, ndiziwaikanso mawayawa. Mukaona kuti asiya kugona, akuimba, akulankhula osapumira, musadikire tsiku. Bwerani nawo."

Pobwerera, pamene ankatsika chitunda, a Faines anayankhula mosaganiza, monga amachitira anthu amene mtima wawo wapepuka.

"Mulungu ndi wodabwitsa! Elia ameneyu akanakhala kuti sanathawire kunja nthawi ija atanena zosanenedwa za boma ku koleji, bwenzi atatifunsira mbeta pakhomo pathu. Amayi ankamukonda kwambiri."

Andreya anangogwira chigongono cha mkazi wake molimba kuposa mmene chitundacho chinkafunira.

Mankhwala anayamba kugwira ntchito. Kezia anayamba kudya, kenaka kusamba yekha. Ulendo wachiwiri wa kuchipatala, dokotala akumumata mawaya, ananena kena kake kokhudza mphunzitsi wawo wa kwaya amene ankamenya ana ndi buku la nyimbo, ndipo Kezia anamwetulira. Kunali kumwetulira kwakung'ono, kwa mbali imodzi ya pakamwa, koma Andreya anali atakudikira miyezi yonseyi. Anali atamutungira madzi, kumuphikira, kumuchapira ngakhale zovala zimene mwamuna sachapa, akuyembekeza kumwetulira kumeneko. Ndipo pamene kunabwera, kunapita kwa munthu wina.

Ali m'matola Kezia anati, "Elia sanasinthe kasekedwe."

Amenewo anali mawu aatali kwambiri amene anawalankhula chichitikireni maliro aja.

Kusukulu nkhani inali itafika kale. Mphunzitsi mnzake, Benjamini, munthu wokonda nthabwala, anamupeza akupukuta bolodi.

"Achimwene, samalani ndi obwera kuchokera kunjawa," anatero akuseka. "Ife tinatsala kuno tikudya mavuto, iwo akudya tchizi. Lero abwera, mipando atenga, ntchito atenga. Mukagona atenganso ndi amayi a kunyumba. Mwamuna wanji wolola mnzake kumagwira mkazi wake m'tsitsi?"

Benjamini anaiwala nthabwalayo asanafike m'kalasi mwake. Andreya anapita nayo kunyumba n'kugona nayo. Anayamba kuganiza yekhayekha, ndipo maganizo ake ankalumikizana bwino ngati masamu. N'chifukwa chiyani odwala ena amapatsidwa mankhwala n'kupita, koma Kezia yekha azibwera pafupipafupi? Magazi ake ali ndi chiyani chofunika kuyezedwa kosatha? Dokotalayo anavomera yekha kuti makina ake amanama. Ndiye ngati amanama, mawayawo ndi a chiyani, kupatula kupeza mpata wogwira mutu wa mkazi wa mwini?

Tsiku la ulendo wachitatu litakwana, Andreya anati kusukulu kukubwera oyendera. Sabata yotsatira anati msewu waonongeka ndi mvula. Mankhwala atatsala pang'ono kutha anapita pamsika wa Malomo, kumene masiku amenewo mavenda anali atayamba kugulitsa chilichonse, ndipo anapeza mnyamata wina atayala mapilitsi pathumba la feteleza. Achikasu aja analipo. Oyera panalibe.

"Ofunika ndi achikasuwa," anadziuza Andreya. "Ndi amene akumudzutsa. Oyerawo ndi chingwe chongomukokera kuchipatala."

Poyamba zinaoneka ngati wachita mwanzeru. Kezia anadzuka kwenikweni. Anatenga khasu n'kupalira munda wonse umene unali utagonekedwa ndi udzu. Anazira nyumba, anapaka laimu makoma, anachapa makatani ngakhale anali oyera kale. Anakamutenga Abigail kumudzi. Lamulungu anaimirira m'tchalitchi atavala bulauzi yoyera ya Chigwirizano, ndipo atatsegula pakamwa amayi ena analira. Andreya anakhala pabenchi ya abambo mtima uli mbee, akunyadira kuti wachiritsa mkazi wake popanda Elia Chimphepo.

Koma nyimbo ija sinathe pamene inayenera kuthera. Mpingo utakhala pansi, Kezia anapitiriza yekha ndime ina imene munalibe m'buku, mpaka mlaliki anachita kutsokomola. Kunyumba anayamba kudzuka tambala asanalire, ndipo kenaka Andreya anazindikira kuti sakugona n'komwe. M'mawa ankapeza mbale zonse zitatsukidwa kawiri, mipando itasinthidwa malo, mkazi wake ali m'maso gwa, akuseka. Analukitsa tsitsi, anagula mafuta onunkhira, anayamba kusintha zitenje katatu patsiku. Mawu ankatuluka mkamwa mwake ngati chimanga pachigayo.

"Abambo a Abigail, ndaganiza! Timange sukulu ya atsikana okhaokha pamwamba pa phiri. Njerwa ndiumba ndekha. Aphunzitsi ndiwapeza. Atsikana a Dowa, a Ntchisi, mpaka a ku Kasungu azibwera, aziimba, aziphunzira udokotala. Elia atithandiza, iye amadziwa azungu. Elia anandiuza kalekale kuti mutu wangawu si wamba. Mwaona, ngakhale makina ake avomereza!"

Zizindikiro zonse zimene dokotala ananena zinali poyera, ndipo Andreya sanaziiwale. Koma nsanje ili ndi nzeru zakezake. Iye anaona mkazi wosagona, wodzikongoletsa, woimba, wotchula dzina la mwamuna wina kosalekeza, ndipo anati mumtima, awa si matenda, ichi n'chikondi. Anafika poganiza kuti dokotalayo anali wochenjera koopsa. Anadziwa kuti mkaziyu akayamba kumukonda adzasowa tulo ndi kuimba, ndiye ananeneratu kuti zimenezo zikadzachitika ndi matenda, mubwere naye kwa ine. Kodi pali msampha wina woposa pamenepo, woti mwamuna azipereka yekha mkazi wake?

Anayamba kumulonda. Ankasiya ana pansi pa mkuyu akuwerenga mokweza, iye n'kuthamangira kunyumba kukaona ngati alipo. Akapita kuchitsime ankamutsata patali. Galimoto yoyera ikadutsa pamsewu, mtima wake unkagunda mpaka itazimiririka. Tsiku lina anamupeza akudziyang'ana pakagalasi, akupaka mafuta m'masaya.

"Nankhoma, mukudzikongoletsera yani?"

"Dziko lonse!" anayankha Kezia akuzungulira ngati mwana.

"Dziko lonse, kapena munthu mmodzi wa ku Dowa?"

Kezia anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenaka mwadzidzidzi nkhope inasintha, ndipo anamulalatira mawu amene Andreya sanawamvepo mkamwa mwake: kuti ndi munthu wamng'ono, wamaganizo ang'onoang'ono, wofuna kutsekera mphepo mumphika. Asanayankhe, mkaziyo anali atayambanso kuimba.

A Faines anabwera Lachisanu, ndipo ataona mmene zinthu zinalili anamukokera mlamu wawo kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, izi si zimene ananena adokotala zija? Mwapita naye liti kuchipatala?"

"Kuchipatala sapitanso," anatero Andreya. "Mkazi wanga wachira. Amene akufuna kumuona abwere adzagogode pakhomo panga ngati mwamuna."

"Odwala m'nyumba muno alipo awiri," anatero a Faines, ndipo anamutenga Abigail n'kubwerera naye kumudzi.

Lolemba lotsatira, Andreya ali pakati pophunzitsa, mayi wina woyandikana nawo nyumba anafika akuthamanga.

"Aphunzitsi, amayi a kunyumba achoka! Agawa mapoto, mabulangete, ngakhale wailesi yanu apatsa munthu wodutsa. Akwera matola pa Malomo, avala za Chigwirizano, akuti akukayamba ntchito yaikulu."

Choko chinagwa m'manja mwa Andreya. Sanafunse kuti matolawo alowera kuti, chifukwa ankaona ngati akudziwa kale. Anapalasa njinga ngati wothamangitsidwa ndi njati, anaisiya pagolosale ya mnzake, anakwera lole ya fodya, ndipo dzuwa litapendeka pang'ono anali akukwera chitunda cha kuchipatala thukuta lili kamukamu. Sanagogode. Anakankha chitseko cha kachipinda kaja ndipo anapeza dokotala akumata mawaya pamutu pa gogo wina wamwamuna.

"Ali kuti mkazi wanga?"

Dokotala anauza nesi kuti apitirize, n'kutuluka naye panja.

"A Mbewe, mayiwo sindinawaone kuyambira ulendo wachiwiri uja. Ndinatumiza uthenga kawiri kudzera kwa abusa. Chachitika n'chiyani?"

"Musandipusitse! Dzina lanu silichoka pakamwa pake. Sagona chifukwa cha inu. Wagawa katundu wanga kuti abwere kwa inu wopepuka. Mwamubisa kuti?"

Nkhope ya dokotala sinaonetse mkwiyo kapena manyazi. Inaonetsa mantha, ndipo zimenezo zinamusokoneza Andreya kuposa chibakera.

"Sakugona kuyambira liti? Mankhwala akumwa ati?"

Andreya anayang'ana pansi. "Achikasu. Ndinagula pamsika."

"Okha?"

"Okha."

Dokotala anavula magalasi n'kupukuta kumaso ndi chikhatho. Anangofuula kuitana dalaivala wa chipatala. "Lowani m'galimoto," anatero. "Munthu akafika pamenepa saona ngozi. Akhoza kuima pakati pa msewu kuti aimitse lole ndi dzanja. Za ine ndi inu tikambirana pambuyo."

Anafunsa pa Dowa Boma, pamsika ndi pasiteji, koma palibe anamuona. Kondakitala wina ndiye anati mnzake wochokera ku Mponela wasimba za mayi wa yunifolomu ya tchalitchi amene akulalikira pamatumba a chimanga. Galimoto inatembenuka. Njira yonse amuna awiriwo anakhala mogundana mapewa pampando wakutsogolo osalankhulana, fumbi likulowera pawindo.

Pa Mponela anamupeza mosavuta, chifukwa khamu la anthu linali litazungulira. Masiku amenewo aliyense anali ndi njala yomva munthu akulankhula poyera, ndipo ena ankayesa ndi msonkhano wa chipani chatsopano. Kezia anaima pamwamba pa mulu wa matumba kutsogolo kwa sitolo ya wogula mbewu. Duku anali atataya, nsapato analibe, ndipo kuphazi kwina kunkatuluka magazi. Mawu anali atasasa koma sankaleka. Ankanena za sukulu ya paphiri, za atsikana amene adzayendetsa ndege, za mwana wake womwalira amene akuti anamutuma kuti achite zimenezi. Anyamata ena ankaomba m'manja momuseka, akumufunsa kuti chipani chake dzina lake n'chiyani.

Andreya anayembekeza chinthu chimodzi: kuti maso a mkazi wake akagwera pa dokotala, choonadi chidzaoneka. Ndipo anagweradi pa iye.

"Taonani, Elia wamamina uja!" anafuula Kezia akumuloza. "Ankaimba besi ngati chule! Elia, iwe udzakhala mlonda wa pageti pasukulu yanga. Ndipo awo ndi amuna anga, adzakhala oliza belu. Nonse ndikupatsani ntchito, musakangane!"

Anthu anafa nacho chiseko. Andreya anaima ngati mtengo. M'maso amenewo munalibe chikondi cha Elia. Munalibenso iye mwini, Andreya. Mkazi wake anali pamalo ena okwera kwambiri, kumene amuna onse awiri ankaoneka ngati nyerere.

Dalaivala anafuna kukwera kuti amugwire, koma dokotala anamuletsa. "Mukamugwira mwamphamvu alimbana nanu, agwa. A Mbewe, ine sangandimvere. Yesani inu."

Andreya anapyola pakati pa anthu, anakwera matumbawo ndi nsapato zake za kusukulu, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a mkazi wake. Anatulutsa kansalu kopukutira thukuta n'kuyamba kumanga phazi lotuluka magazi lija. Kezia anapitiriza kulankhula, koma sanachotse phazilo.

"Sukuluyo idzakhala ndi makalasi angati, Nankhoma?" anafunsa chapansipansi.

Kezia anaweramira pansi kumuyang'ana, ndipo anayamba kumufotokozera iye yekha. Anafotokoza za makalasi, za munda wa masamba, za mtundu wa yunifolomu. Andreya ankafunsa, iye n'kumayankha. Anthu ataona kuti zoseketsa zatha anayamba kubalalika. Patapita nthawi Kezia anakhala pansi pathumba, akulankhulabe, thupi likunjenjemera ndi kutopa kumene mwini sankakumva.

"Phazili likufunika mankhwala," anatero Andreya. "Tiyeni kuchipatala. Muzindiuza zotsalazo m'njira."

Kezia anakhala m'chipatala mwezi wathunthu ndi masiku ena. Achikasu aja dokotala anawaimitsa, ndipo masiku oyamba anali ovuta: ankatukwana manesi, ankafuna kuthawa. Kenaka anagona tulo tofa nato, ndipo atadzuka anayamba kutsika pang'onopang'ono. Pamene anakumbukira za Mponela, za mapoto ndi za nyimbo ya m'tchalitchi, anafunda bulangete kumutu tsiku lonse chifukwa cha manyazi. Andreya ankabwera Loweruka lililonse, ndipo ankakhala pambali pa bedi osadziwa kuti apepese motani, chifukwa Kezia sanamufunsepo za mapilitsi a pamsika.

Dokotala ndiye anamuitanira Andreya m'kachipinda kaja tsiku lina.

"Musaganize kuti makinawa apambana," anatero. "Mwa amene ndinawachenjeza, ena ali bwinobwino mpaka lero, sanakwerepo. Wina amene ndinamuuza kuti alibe vuto anakwera. Ndipo za mayiwa sindingadziwe ngati akanakwera popanda achikasu okhawo. Ntchito idakali yambiri. Koma pali chimene mungandithandize. Ndimafuna mizere ya anthu osadwala kuti ndizifananitsa. Mungalole?"

Andreya anakhala pampando uja. Zala zomwe zija zinayenda m'mutu mwake, zozizira ndi timafuta, zachangu, zosasamala kuti mutuwo ndi wa yani, ngati za mayi wosankha nyemba. Anatsinzina atauzidwa, anapenya atauzidwa. Atatha anafunsa funso limene linamuvuta kulitulutsa.

"Munkamufunadi kale mkazi wanga?"

"Ndinkamufuna," anayankha dokotala akupinda pepala. "Ndinamufunsira tili Folomu 4, anandikana. Anati ndimalankhula kwambiri. Mkazi wanga ndi ana akubwera mwezi wamawa, mudzabwere mudzawaone."

Yankholo linayenera kumuchiritsa Andreya, koma silinamuchiritse kwathunthu. Mawu oti ndinkamufuna anawasunga, oti anandikana ankawaiwala kawirikawiri. Komabe sanaphonyenso tsiku la kuchipatala. Ankamuperekeza Kezia iye mwini, n'kukhala pakona mawaya akumatidwa, nsagwada zili zolimba, koma ali chete.

Kezia anabwerera kunyumba nthawi yokolola. Anali wodekha, wolankhula pang'ono, manja ake akunjenjemera pang'ono chifukwa cha mapilitsi oyera. Abigail anabwerera, mapoto ena anthu achifundo anabweza, wailesi sinapezeke. Kutchalitchi anayambanso kuimba, koma pamzere wakumbuyo, ndipo ankaleka pamene ena alekera.

Madzulo ena akutonola chimanga pakhonde, Andreya anamufunsa ngati masiku aja amamuopsa akawakumbuka.

Kezia anatonola chitsononkho chonse asanayankhe.

"Amandichititsa manyazi," anatero. "Koma ndikakuuzani zoona musakhumudwe. Sindinasangalalepo chotero moyo wanga wonse. Ngakhale tsiku la ukwati wathu, ngakhale pobadwa Abigail. Ndinkamva ngati phiri lonse lili m'manja mwanga, ngati mwana wathu uja ali pafupi. Nthawi zina ndikamamwa oyerawa ndimamusowa mayi ujayo."

Andreya anamva kutentha kwa nsanje kukukwera pachifuwa, kumene tsopano ankakudziwa bwino. Koma ulendo uno panalibe mwamuna woti amukankhire chitseko. Chimene chinapatsa mkazi wake chimwemwe chimene iye sakanatha kumupatsa chinali m'mutu mwa mkaziyo, ndipo tsiku lina chikanatha kudzamuitananso.

"Mukadzayamba kumusowa kwambiri, mudzandiuze," anatero.

"Ndidzakuuzani. Koma inunso mukadzaona ndayamba kusintha mipando, musadzafunse kuti ndikusinthira yani."

Andreya anavomera ndi mutu. Anakokera dengu pafupi, ndipo anapitiriza kutonola mpaka Abigail anabwera kudzawauza kuti mbuzi za eni zalowa m'dimba.